Felemu yokwana nkhope ndi woyeza maso wodalirika: tithandizane

Chikondi: Moni nonse, akuluakulu. Madandaulo a anthu ovala magalasi a maso amakhala omwewomwewo: akutsetsereka pamphuno, akufinya kuseri kwa khutu, kapena mutu ukuwawa chonsecho muyeso ndi watsopano. Vuto limakhala pa felemu kapena pa amene anayeza? Nanga munthu asanalipire aziyang'ana chiyani? Odziwa tiuzeni.

Bambo Kaphale: Zikomo achemwali. Tiyambire pa manambala omwe ambiri sawawerenga. Tembenuzani magalasi aliwonse, yang'anani mkati mwa mwendo wopita kukhutu. Mupeza zolembedwa ngati 52 □ 18 140. Onsewo ndi mamilimita. Nambala yoyamba, 52, ndi mulifupi mwa galasi limodzi. Yachiwiri, 18, ndi mpata wa pakati pa magalasi awiriwo, pomwe pamalowa mphuno. Yachitatu, 140, ndi kutalika kwa mwendo. Miyendo ya akuluakulu imakhala ya 135, 140, 145, ina mpaka 150.

Tsono phatikizani ziwiri zoyambazo: 52 ndi 18 zikupanga 70. Nambala imeneyi muiyerekeze ndi PD yanu, womwe ndi mtunda wochokera pa kamwana ka diso limodzi kufika pa ka diso linalo. Akuluakulu ambiri PD yawo imagwera pakati pa 54 ndi 74. Felemu yabwino ndi yomwe nambala yake yayandikana ndi PD yanu, kuti diso likhale pafupi ndi pakati pa galasi. Mukayang'ana pakalilole n'kuona maso anu atapanikizana chakumphuno, galasi lambiri litatsala kunja, felemuyo yakukulirani.

Tiyamike: Nanga kukula kwakeko kukuvuta pati bambo? Mafelemu akuluakulu ndi omwe ali m'fashoni.

Bambo Kaphale: Kwa munthu wa muyeso wochepa, monga -1.00, palibe vuto lenileni. Mavuto amayamba mphamvu ikakwera. Galasi la minus, la anthu osaona patali, ndi lopyapyala pakati, ndipo limanka likhuthala chakumphepete. Titenge munthu wa PD 62. Akasankha felemu ya 54 □ 18, ndiye 72, wodula magalasi ayenera kusuntha pakati pa galasi lililonse mamilimita 5 chakumphuno, ndipo mbali yakukhutu imatsala yokhuthala ngati pansi pa botolo. Munthu yemweyo akasankha 48 □ 18, ndiye 66, kusunthako kumangokhala mamilimita 2, mphepete yokhuthala ija imadulidwa n'kutayidwa. Magalasi amapepuka, amaoneka bwino, osawonjezera ndalama ngakhale pang'ono. Amene muyeso wake wadutsa -4.00 asankhe felemu yaying'ono, yozungulirako, ya mkombero wokhuthala wobisa mphepete. Felemu ya makona akuthwa imatulutsa kukhuthala konse m'makonamo.

Mayi Nasibeko: Manambala ndi abwino, koma ine ndikuti nkhani yaikulu kwathu kuno ndi mphuno. Pamenepa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amataya ndalama. Mafelemu ambiri obwera m'mashopu anaumbidwa poganizira mphuno yaitali, yowonda, yotumphuka pakati pa maso. Ambiri a ife mphuno pamenepo ndi yotsika ndi yotambalala. Felemu ya pulasitiki yopanda timapilo ta pamphuno ikakumana ndi mphuno yotere imasowa pogwira, imatsika mpaka kukakhala pamasaya. Ndiye munthu tsiku lonse chala chili pamphuno kukankha magalasi.

Yesani chonchi muli m'shopu momwemo, musachite manyazi. Valani felemu, mwetulirani kwambiri. Ikanyamuka ndi masaya, ndiye kuti ikutsamira pamasaya m'malo mwa mphuno. Yotere imachita nthunzi, imadzola mafuta a kunkhope pagalasi, ndipo simudzaikonda. Kenako weramani ngati mukutola chinthu pansi, pukusani mutu kawiri katatu. Isasunthe. Phethirani: nsidze za pachikope zisamasese galasi. Pomaliza yang'anani pakati pa mphuno ndi kamlatho ka felemu. Ngati pakuoneka mpata woti kamtengo ka machesi n'kulowa, felemu ya pulasitikiyo siyanu, ndipo palibe mmisiri angaikonze kuti ikwane bwinobwino.

Kwa mphuno yotsika, yabwino ndi felemu yokhala ndi timapilo tiwiri toima pa timawaya, chifukwa timatha kupindidwa, kutalikitsidwa kapena kuyandikitsidwa mpaka titagona bwino pakhungu. Kapilo kayenera kugona thupi lake lonse pamphuno, osati kubaya ndi nsonga. Ta silikoni timagwira bwino pa thukuta kuposa ta pulasitiki wolimba. Tikasanduka tachikasu kapena tobiriwira timasinthidwa, ndi ntchito ya mphindi zochepa. Aliponso mafelemu a pulasitiki omwe ali ndi timapilo tokhuthala toumbira pomwepo, opangidwira mphuno zotsika. Funsani ngati alipo.

Limbani: Mayi mwafotokoza bwino. Ndiwonjezere za mulifupi mwa mutu. Miyendo iyenera kuchoka kutsogolo n'kupita kukhutu mowongoka, osakhudza khungu mpaka pafupi ndi khutu. Ikamatambasukira kunja ngati miyendo ya mpando wothyoka, felemu ndi yaying'ono, ndipo kufinya kwakeko ndi komwe kumakankhira magalasi kutsogolo. Ambiri amaganiza kuti felemu yothina ndiyo singagwe. Ayi, yothina m'mbali mwa mutu ndiyo imatsetsereka kwambiri, ngati mmene njere ya papaya imathawira mukaifinya ndi zala. Chizindikiro chake ndi mizere iwiri yotsala m'mbali mwa nkhope madzulo.

Popindikira mwendo payambire pamwamba penipeni pa khutu, kenako utsike motsatira fupa la kuseri kwa khutu. Ukapindikira patsogolo, mwendo wafupika, magalasi amanyamuka kumbuyo. Ukapindikira kutali kumbuyo, palibe chogwira. Abambo a mitu ikuluikulu asavomere mwendo wa 135 chifukwa choti felemu yakongola.

Chikondi: Nanga pa zipangizo zake, chitsulo kapena pulasitiki?

Limbani: Zonse zili ndi zabwino ndi zonyenga. Zitsulo zotchipa zambiri zimakhala ndi nickel. Utoto ukasupuka ndi thukuta, khungu la ena limayabwa, limatuluka nsungu kapena kuda pomwe chitsulo chikukhudza, ndipo felemu imachita zobiriwira. Amene amatuluka zilonda ndi ndolo kapena wotchi yotchipa apewe zimenezi, afune titanium, stainless steel kapena pulasitiki. Kumalo otentha ngati Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Salima, komwe thukuta silipuma, nkhaniyi ndi yaikulu.

Pa pulasitiki, acetate ndiye wabwino kukonza: akamutenthetsa ndi mpweya wofunda amafewa, amapindika, n'kuuma momwe mwamuikira. Mumamuzindikira poona kawaya kachitsulo koyenda mkati mwa mwendo. TR90 ndi wopepuka ndi wovuta kuthyoka, koma samvera kupinda, ndiye azikukwanani kuyambira tsiku logula. Pulasitiki wa magalasi a dzuwa a pamsika nthawi zambiri amasweka pomwe akulowetsa galasi, n'chifukwa chake mashopu ena amakana kuikamo.

Onaninso mahinjesi. Tsekulani ndi kutseka miyendo: isakhale yolobodoka, isalirenso. Mahinjesi a sipuling'i amathandiza amene amavula magalasi ndi dzanja limodzi, koma sipuling'iyo ikaduka kawirikawiri ndi mwendo wonse wofunika kusintha.

A Gondwe: Pepani ndilowererepo. Mukukamba za felemu, koma mutu kuwawa kuja achemwali afunsa nthawi zambiri kumachokera pa kuika galasi molakwika. Galasi lililonse lili ndi malo amodzi pakati pomwe kuwala kumadutsa osapatuka. Malo amenewo akaphonya kamwana ka diso, galasi limakokera chithunzi kumbali, ndipo minofu ya maso imagwira ntchito tsiku lonse kubweza chithunzicho. Kawerengedwe kake n'kosavuta: mphamvu ya galasi kuchulukitsa ndi kuphonyako m'masentimita. Galasi la -5.00 likaphonya ndi mamilimita 4, ndiye 5 kuchulukitsa ndi 0.4, mwapeza 2. Kukoka kwa 2 kumeneko munthu amakumva. Galasi la -1.00 likaphonya chimodzimodzi mupeza 0.4, ambiri sazindikira n'komwe. N'chifukwa chake wina amagula mwachisawawa osavutika, mnzake n'kumadwala mutu.

Choopsa kwambiri ndi kuphonya kokwera ndi kotsika, diso lina pamwamba lina pansi. Maso amatha kupirira kuphonya kwa m'mbali, koma kwa m'mwamba ndi pansi amalephera msanga: zinthu zimaoneka ziwiriziwiri, pansi pamaoneka ngati papendekeka. Felemu yokhota, mbali ina yokwera, imabweretsa vuto lomweli ngakhale magalasi anadulidwa bwino.

Tiyamike: Ndiye PD munthu angadziyeze yekha ndi rula? Ena akuitanitsa magalasi pa intaneti kudzera kwa abale ku Joni ndi ku UK.

A Gondwe: Angathe mongoyerekeza. Mnzanu akhale patsogolo panu, nkhope zikhale pa msinkhu umodzi, rula igone pamphuno panu. Iye atseke diso lake lamanja, inu muyang'ane diso lake lamanzere lotsekulalo, aike 0 pakati pa kamwana ka diso lanu lamanja. Kenako asinthe, atseke lamanzere, inu muyang'ane lamanja lake, awerenge nambala pa diso lanu lamanzere, rula osaisuntha. Bwerezani katatu. Zimenezi zikwanira pa magalasi wamba a mphamvu yochepa. Pa mphamvu yaikulu kapena progressive, galasi loonera patali ndi pafupi pamodzi, sizikwanira, chifukwa nkhope sizilingana mbali zonse. Wina amapezeka 30 kumanja, 33 kumanzere, ndipo diso lililonse liyenera kuyezedwa palokha kuchokera pakati pa mphuno.

Mayi Nasibeko: Apo pa progressive ndipempheko kuti anthu asaitanitse kutali. Galasi limeneli lili ndi zigawo zitatu zopanda mzere: pamwamba poonera patali, pakati poonera ngati pa kompyuta, pansi powerengera. Kanjira kolumikiza zigawozi n'kopapatiza, m'mbali mwake zinthu zimaoneka mwachimbuuzi. Woyeza ayenera kuyamba wakonza felemu kuti ikhale momwe muzidzavalira, kenako inu mutaima kapena kukhala mwachibadwa, aike kadontho ndi cholembera pa galasi lachitsanzo, pa kamwana ka diso lililonse. Kadonthoko kakatsika ndi mamilimita awiri okha, mudzayamba kukweza chibwano kuti muwerenge, khosi n'kumawawa. Kakakwera, patali padzaoneka chifunga, mudzayenda mutazolika. Felemu yakenso ikhale yakuya, pafupifupi mamilimita 30 kuchoka pamwamba kufika pansi, kuti chigawo chowerengera chisadulidwe. Timafelemu topyapyala ngati kansomba sitiyenera.

Bifocal, ya mzere wooneka ija, mzere wake umaikidwa molingana ndi chikope chapansi. Ndi yotsika mtengo, powerengera pake ndi potambalala, ndipo agogo ambiri amaizolowera msanga kuposa progressive. Chenjezo ndi pa masitepe ndi m'ngalande: aziweramitsa mutu wonse, asamayang'ane pansi kudzera m'kagawo kowerengera.

Chikondi: Zikomo kwambiri. Tsopano mbali yachiwiri ija: woyeza wabwino timuzindikira bwanji? Mashopu achuluka m'tauni.

Bambo Kaphale: Choyamba dziwani amene akukuyezani ndi ndani. Dokotala wa maso, ophthalmologist, amachiza matenda ndi kuchita opaleshoni. Optometrist amayeza maso, amalemba muyeso wa magalasi ndi kufufuza matenda. Kuno kwathu amaphunzira ku Mzuzu University. Aliponso ma clinical officer a maso ndi ma optometry technician ochokera ku Malawi College of Health Sciences. Ogwira ntchito zachipatala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo kufunsa kuti muone chiphaso si mwano. Wogulitsa mafelemu pakauntala akhoza kukhala waluso pa ntchito yake, koma si iye woyeza.

Chachiwiri ndi kayezedwe. Makina oyeza maso oyang'anamo chithunzi cha kanyumba kapena chibaluni aja amangopereka poyambira. Amene akusindikiza kapepala ka makinawo n'kunena kuti muyeso wanu ndi umenewu, m'mphindi zitatu, sanakuyezeni. Woyeza weniweni amafunsa ntchito yomwe mumagwira, ngati muli ndi shuga kapena BP, ndi mankhwala omwe mukumwa. Amakuwerengetsani zilembo pa mtunda wa mamita 6 kapena kudzera pakalilole, diso lililonse palokha. Amakuvekani felemu yoyezera n'kumasintha timagalasi akufunsa kuti bwino ndi ili kapena ili. Amayeza kuwerenga pafupi, pa masentimita 40. Amaunika mkati mwa diso. Kwa amene wafika zaka 40, amayezanso mphamvu ya madzi a m'diso, yomwe mwa ambiri imakhala pakati pa 10 ndi 21, chifukwa glaucoma, nthenda yoyendera limodzi ndi kukwera kwa mphamvuyi, imagwira anthu akuda kwambiri ndiponso msanga, imadya maso mwakachetechete kuyambira m'mbali, ndipo zomwe yadya sizibwerera.

Chachitatu, akupatseni pepala la muyeso wanu, lokhala ndi tsiku, dzina lake, SPH, CYL, AXIS, ADD ngati ilipo, ndi PD. Pepalalo ndi lanu. Muli ndi ufulu wokagula felemu kwina.

Mphatso: Bambo Kaphale, zilembo zimenezi mutimasulireko, ambiri timangosunga pepala osadziwa.

Bambo Kaphale: R kapena OD ndi diso lamanja, L kapena OS ndi lamanzere. SPH ndi mphamvu yaikulu: minus ndi ya osaona patali, plus ndi ya amene maso awo amavutika kwambiri pafupi. Imakwera ndi 0.25. CYL ndi ya diso lomwe kutsogolo kwake sikunabulungike mofanana mbali zonse, ndipo AXIS, kuyambira 1 mpaka 180, ikunena mbali yomwe mphamvu imeneyo igonere. CYL ikakhala yaikulu, monga -2.00, galasi likangotembenuka pang'ono zonse zimasokonekera, ndiye oterewa asamale ndi felemu yozungulira ngati ndalama, momwe galasi limatha kuzungulira sikuluwu ikamasuka. ADD ndi mphamvu yowonjezera powerenga, imayamba cha pa +1.00 munthu akangodutsa zaka 40, n'kumakwera mpaka cha pa +2.50 akamafika 60.

A Gondwe: Woyeza wabwino amadziwanso nthawi yokana kukugulitsani. Wa shuga yemwe shuga wake akukwera ndi kutsika muyeso wake umasinthasintha, ayambe wakhazikika kaye. Amene wachitidwa opaleshoni ya ng'ala adikire masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi diso lipole. Ndipo ng'ala yokhwima siichoka ndi magalasi. Amene sakufika pa mzere wabwino wa zilembo ngakhale asinthe timagalasi tonse ayenera kutumizidwa kuchipatala cha maso: ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba Central, ku Mzuzu Central, kapena ku Nkhoma. Diso lofiira lopweteka, kuona kuthwanima ngati mphezi, kapena kuona kuzima mwadzidzidzi, zimenezo si za kushopu, ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Tiyamike: Koma tinene zoona, si onse angakwanitse mashopu amenewa. Magalasi owerengera a mavenda aja ndi oipa?

Mayi Nasibeko: Saononga maso, tisawopsezane. Kwa munthu wa zaka za m'ma 40 kupita m'tsogolo amene patali amaona bwino ndi maso onse awiri, koma Baibulo kapena ulusi wa singano wayamba kuutalikitsa, amathandiza ndithu. Atenge cholembedwa chomwe amawerenga, achigwire pa mtunda womwe amazolowera, ayambe ndi +1.00 kukwera, asankhe mphamvu yochepetsetsa yomwe ikuonetsa bwino. Kufooka kwake n'kwakuti magalasi onse awiri ndi a mphamvu imodzi, alibe CYL, ndipo PD yake ndi yongoganizira. Maso akasiyana mphamvu, mutu udzawawa. Ndipo venda sayeza glaucoma, ndiye kukayezetsa kukufunikabe.

Chomwe ndikukana ndi kuvala magalasi a munthu wina, a malemu kapena a pakaunjika, chifukwa choti akuonetsako bwino. Felemu yake mutha kugwiritsa ntchito ngati ili yolimba, koma akachotse magalasiwo aikemo anu. Felemu ya pulasitiki yomwe yayera ngati yathiridwa ufa yauma, idzasweka poikamo.

Limbani: Pa mtundu wa galasi, musalole kukakamizidwa chilichonse. Manambala a 1.50, 1.60 ndi 1.67 ndi a mtundu wa pulasitiki: nambala ikakwera, galasi limapyapyala. Pulasitiki wamba wa 1.50 amaonetsa bwino kwambiri ndipo akwanira mpaka muyeso wa cha pa 2.00 kapena 3.00. Kupitirira apo 1.60 amapepukitsa, ndipo 1.67 ndi wa mphamvu zazikulu ngati 6.00. Ana, a kabaza, amisiri, ndi aliyense amene diso lake lopenya ndi limodzi, atenge polycarbonate chifukwa sasweka wamba. Felemu yopanda mkombero, yobooledwa pagalasi, imafunanso galasi lolimba lotere; pulasitiki wamba amang'aluka pabowo.

Magalasi osintha mtundu padzuwa amada chifukwa cha UV, kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso. M'galimoto sada kwenikweni, popeza galasi lakutsogolo limatchinga UV, ndipo kukatentha kwambiri, ngati mu Okutobala, sada bii ngati mu Juni. Madalaivala adziwiretu zimenezi. Zokutira za pagalasi zoteteza kunyezimira zimathandiza poyendetsa usiku. Abale athu achialubino amafunika galasi lotchinga UV, lodetsedwako, felemu yophimba bwino, ndi kuyezedwa modekha chifukwa maso awo amagwedezeka ndipo CYL yawo imakonda kukhala yaikulu.

Mphatso: Nanga ana?

Bambo Kaphale: Mwana asayezedwe popanda mankhwala odontheza m'maso opumitsa minofu, makamaka ulendo woyamba. Diso la mwana limadzikoka mwamphamvu, limatha kunamiza makina, mwana wofunika plus n'kulembedwa minus. Felemu ikhale yomukwana lero, osati yoti akuliremo ngati yunifolomu. Ikakula imatsika, mwana amayang'ana pamwamba pake, magalasi n'kukhala opanda ntchito. Diso likhale pakati, mkombero wapamwamba ufike m'munsi mwa nsidze, ndipo kwa aang'ono pakhale lamba wa kumbuyo. Abwerere kukayezedwa chaka chilichonse.

Chikondi: Tsiku lokatenga magalasi, tichite chiyani tisanatuluke?

A Gondwe: Musalandire m'kabokosi n'kumapita. Valani pomwepo. Apempheni ayeze magalasiwo pa makina owerengera mphamvu, lensmeter, muyerekeze ndi pepala lanu. Werengani zilembo zapatali, diso lililonse palokha, kenako foni yanu. Akuyang'aneni kutsogolo ngati felemu yawongoka. Makutu a anthu ambiri sali pa msinkhu umodzi, ndiye mwendo wa mbali ina umafunika kupindidwa. Akuyang'aneninso cham'mbali: galasi litalikirane ndi diso mamilimita 12 mpaka 14, ndipo m'munsi mwake mupendekere pang'ono chakumasaya osawakhudza. Funsani ngati kukonza felemu pambuyo pake ndi kwaulere, komanso achita chiyani mukalephera kuzolowera. Amene ali pa MASM ndi ma sikimu ena a zachipatala afunsiretu malire a ndalama za felemu ndi za magalasi asanasankhe.

Kuzolowera muyeso watsopano kumatenga masiku angapo, progressive mpaka masabata awiri, bola muzivala mosalekeza osabwerera ku akale. Kukapitirira apo mutu ukuwawabe, bwererani ndi magalasi onse, atsopano ndi akale, kuti ayerekeze.

Mayi Nasibeko: Ndipo mukafika kunyumba musawapukute ouma ndi chitenje kapena malaya. Fumbi lathuli ndi mchenga, limakala galasi. Tsukuluzani ndi madzi ozizira, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, tsukuluzaninso, kenako kansalu kake kofewa. Madzi otentha, nthunzi ya mphika ndi kusiya pa dashibodi zimang'amba zokutira za pagalasi, zimaoneka ngati ukonde wa kangaude, ndipo sizikonzeka.

Tiyamike: Mwendo ukakhota, kuutenthetsa pa kandulo kapena pambaula n'kuwongola bwanji?

Limbani: Ayi achemwali, moto umapsereza pulasitiki, umatulutsa matuza, ndipo kutentha kukafika pagalasi zokutira zija zatha. Ngati shopu ili kutali, viikani nsonga yokha ya mwendo wa acetate m'madzi ofunda kwambiri kwa theka la mphindi, galasi lisakhudze madziwo, pindani pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, yesani, bwerezani. Pa hinjesi ndi pa kamlatho musapindepo nokha. Sikuluwu ikamamasukamasuka, imangeni n'kudonthezapo kadontho ka polishi woyera wa zikhadabo pamutu pake. Super glue musayandikize, amaumitsa hinjesi ndipo akadontha pagalasi sachoka.